Nsanza Zofiira Zimene Ndinachotsa pa Mphambano

Senderani kuno, amayi. Inu mwakhala kukhomoko ngati mukufuna kuthawa, lowani, pabenchipa malo alipo. Ndikudziwa kuti ena mwabwera chifukwa anzanu a kulimana la kutchalitchi achita kukukokani, ndipo mukundiyang'ana pakamwa kuti muone ngati gogo ameneyu sanalaweko m'mawa uno. Yang'anani ndithu. Inenso ndikanakhala pamene mwakhalapo ndikanatero, chifukwa kukayikira anthu ndinkakudziwa kuposa kutcheza kachasu.

Ine ndine make Lusiya, wa m'tsinde mwa phiri, mbali ya kwa Mpama. Mwa ana onse amene ndinabereka, anakula ndi Lusiya yekha. Chaka chimene tinavota koyamba za matipate mwamuna wanga anamwalira. Sipanapite nthawi, Lusiya anabwera kuchokera ku Limbe atawonda ngati bango, atagwira kamwana kake kakakazi padzanja, dzina lake Rozina. Anagona pamkeka mpaka tinamuika. Masiku ano matenda aja timawatchula dzina, mankhwala aliponso. Nthawi imeneyo ine ndinakana. Ndinati mwana wanga amulodza, ndipo ndinayamba kufuna wolodzayo.

Sindinafune patali. Munda wanga unachita malire ndi wa Abiti Juma, mayi wachisilamu amene ankakazinga mandasi n'kumagulitsa kumsewu. Tinali titakanganapo kale za mtengo wa mango wa m'malire. Ana ake onse anali moyo, mbuzi zake zinkaswa mapasa. Ndinati basi, ndi ameneyu. Akandipatsa moni ndinkayankha ndi mphuno. Akapatsa Rozina ndasi ndinkalanda n'kuponyera galu, kenako n'kukhala pansi kudikira kuti galuyo afe. Galuyo ananenepa.

Kachasu ndinayamba kutcheza kuti ndilere mwanayo, zimenezo n'zoona. Koma mukudziwa mwambo wake: wopereka chakumwa amayamba walawa yekha pamaso pa mlendo, kuti aone kuti mulibe chiphe. Ndinkalawira aliyense wobwera. Posakhalitsa ndinayamba kulawira ndi amene sanabwere. Mbuzi zinapita, khasu linapita, chitseko cha kukhitchini chinapita. Ndinkagona m'ngalande za m'mbali mwa msewu, nsalu itanyowa, osati ndi mvula ayi. Rozina ndiye ankabwera kudzandikoka, mwana wa Sitandade 5, anzake akuseka. Ndikadzuka n'kupeza kanthu kasowa m'nyumba ndinkati andibera, chonsecho ndagulitsa ndekha dzulo lake.

Mwanayo anakula ndi miyendo. Poyamba ankathamanga kuti asachedwe kusukulu atatha kundisamala. Kenako ankangothamanga. Kuchigayo wothamanga, kumjigo wothamanga. Atafika kusekondale, aphunzitsi ena, a Namakhwa, anamuona n'kumuika m'gulu la othamanga. Sikunali kuthamanga kozungulira bwalo la mpira kuja ayi. Awa ankanyamuka dzuwa likutuluka, kukwera phiri, kutsika, kudutsa midzi, kukweranso lina, n'kudzamaliza dzuwa litapendeka.

Ine zimenezo sizinandilowe. Kwathu kuno munthu amathamanga akaba kapena akamathamangitsidwa. Nanga mwamuna wamkulu, wapabanja, akufunanji ndi mwana wamkazi kutchire, atamuveka kabudula? Inalinso nthawi ija kunkamveka mphekesera za anthu opopa magazi. Ndinati mwina akumulimbitsa kuti magazi achuluke.

“Anganga, n'zamasewero chabe,” anatero Rozina. “Ndikachita bwino atha kunditenga kukathamanga ku Mulanje.”

“Ku Mulanje kukatani? Kuno phiri latha?”

Aphunzitsi aja anamupezera nsapato zansalu. Ine ndinazigulitsa, ndinagula shuga wothira m'madeya. Rozina sanalire. Anangosiya kundiuza zinthu. Kuyambira pamenepo zovala zake zothamangira ankazisunga kwa Abiti Juma, ine osadziwa.

Tsono linafika Loweruka lina mwezi wa Okutobala, dzuwa lija limaswa mtengo. Rozina anandiuza kuti akupita ku Nguludi kokaimba kwaya, ndipo analawirira. Inenso ndinalawirira kumunda, ndili ndi matsire, kabotolo ndatsindira m'chiuno.

Pamwamba pa munda wanga pali mphambano. Njira ina imatsikira kumtsinje n'kuzungulira phiri. Ina imakwera, kudutsa pamabulugama a Abiti Juma, n'kukathera m'chigwa cha miyala mmene simupita munthu, mumangoyenda afisi. Nditafika pamphambanopo ndinaima. Pansi panali patajambulidwa muvi waukulu ndi zinthu zoyera ngati ufa, nsonga yake italoza kumunda kwanga. Pazitsamba, kutsatira njira yotsika ija, anamangapo nsanza zofiira, ina apa, ina apo, mpaka kupitirira malire anga.

Amayi, inu mukanati chiyani? Ufa pamphambano. Nsanza zofiira. Muvi woloza pako. Ine ndinati lero ndamugwira. Anatenga Lusiya, tsopano akufuna munda, kapena akufuna Rozina.

Ndinachita monga anatiphunzitsira makolo. Zoterezi sugwira ndi manja. Ndinathyola nthambi n'kusesa ufa uja, ndinakodzerapo kuti mphamvu yake ife. Nsanza zija ndinazikowa ndi ndodo imodziimodzi. Ndipo paja mankhwala sutaya, umabweza kwa mwini wake kuti akamudye yekha. Ndiye ndinakwera nazo njira ya kumabulugama ija, n'kumazikoloweka pazitsamba, ina apa, ina apo, mmene ndinazipezera, mpaka zinathera pamitengo ya Abiti. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Ndinamwa kuti ndisangalale, ndinagona kuseri kwa nkhokwe.

Anandidzutsa ndi belu la njinga, dzuwa litadutsa paliwombo. Anali a Namakhwa, malaya ali chonyowa, pambali pawo Abiti Juma.

“Amayi, pamphambano apo tinaikapo zizindikiro dzulo madzulo,” anatero aphunzitsiwo. “Laimu pansi, ndi tinsalu tofiira. Wina wazisuntha. Simunaoneko munthu?”

Ndinaseka. Ndinaloza Abiti ndi chala. “Afunseni awa. Katundu wawo ndawabwezera. Akapeze wina woti amulodze.”

Abiti anangotula mpweya n'kuyang'ana kuphiri.

A Namakhwa anatsamiritsa njinga pankhokwe. Analankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Anati lero kuli mpikisano wautali, wochokera ku Nguludi, kuzungulira phiri, kukafika cha ku Mikolongwe. Othamanga njira sakuidziwa yonse, amatsata nsanzazo. Madzi akumwa anawaikira kumtsinje, panjira yotsika. Ambiri amene anakwera kumabulugama ataona kuti nsanza zatha anabwerera, atataya nthawi basi. Koma mmodzi sanafike pamadzi, ndipo kumapeto kulibe.

“Ndiye ine zindikhudza bwanji?” ndinatero.

“Amake Lusiya,” anatero Abiti, “ndi Rozina.”

“Rozina ali kukwaya.”

“Kabudula wavalira kwanga m'mawa uno. Ndamupatsa ndi tiyi.”

Mukuona mtima wa munthu wokayikira? Chinthu choyamba chimene ndinamva si choti mwana wasowa. Ndinamva choti wamwa tiyi kwa Abiti.

A Namakhwa anakwera njinga kukaitana amuna oti adzanyamule. Abiti analowa kwake, anatuluka ndi chigubu cha madzi pamutu, kapu ndi timapepala tiwiri m'manja. Anati Rozina phirili amalidziwa, ataona nsanza zatha ayenera anaganiza kuti njira ikupitirira m'chigwa n'kukatulukira kuseri. Anauyamba ulendo. Ine ndinamutsata, osati chifukwa ndinamukhulupirira, koma kuti asakafike yekha pa mwana wanga.

Unali mwezi wawo wosala. Mayi ameneyo chichokereni mbandakucha anali asanaike kanthu kukamwa, ngakhale dontho la madzi. Koma ndiye anali patsogolo, chigubu chili pamutu. Ine wokhuta kachasu ndinkakwawa pambuyo. Ndinasanza pamabulugama, pafupi ndi nsanza yomaliza imene ndinakoloweka ine ndemwe. Kuchoka pamenepo tinayamba kuona mapazi pafumbi. Poyamba anali otalikirana, a munthu wothamanga. Kenako anayandikana. Kenako anayamba kupita uku ndi uku ngati anga ndikamachokera kumowa.

Tinamupeza m'chigwa, pamthunzi wa mwala waukulu. Anagona chammbali, pepala la nambala likadali pachifuwa. Miyendo inali itakokana, akatumba atalimba ngati chinangwa chouma. Zala zakuphazi zinali magazi okhaokha, chikhadabo china chitatukuka. Ndinamugwira pachipumi. Munthu wothamanga amayenera kukhala ndi thukuta, koma iye anali wouma, wotentha ngati chiwaya. Milomo inachita mbuu, itang'ambika.

“Rozina. Ndine anganga ako.”

Anatsegula maso koma sanandione. Anati, “Madzi.”

Dzanja langa linapita lokha m'chiuno. Linakhudza kabotolo kaja. Mdzukulu wanga akufa ludzu, ine ndakwera phiri lonse, ndipo chimene ndamubweretsera ndi kachasu. Ndinakhala pansi pamiyala yotentha.

Abiti anali atatula kale chigubu. Anavula mpango wake wina, anaunyowetsa n'kumuika mwanayo m'khosi ndi m'khwapa. Anathira madzi m'kapu. Kenako anamasula timapepala tija, anatsina zoyera kuchokera mu kena, anathira zoyera zina kuchokera mu kenako, n'kuvundula ndi kamtengo. Anadzutsa mutu wa Rozina n'kuyandikitsa kapu kukamwa.

Ndinamugwira dzanja. Ndinagwira zolimba moti madzi ena anatayika.

“Mwathiramo chiyani?”

“Mchere ndi shuga. Monga amatiuzira kusikelo mwana akatsegula m'mimba.”

“Ndani wakuonani mukutapa?”

Anandiyang'ana. Milomo yakenso inali youma. Sanakwiye, ndipo mwina akanakwiya zikanandipepukira.

“Amake Lusiya, mwanayu akupita.”

“Lawani kaye.”

Ndinkadziwa chimene ndikupempha. Takhala nawo Asilamu chibadwire, tikudziwa kuti mwezi umenewu ngakhale malovu ena amachita kulavula. Ndinati m'mtima, akana, anamizira kusala, ndipo ndidziwa. Abiti anayang'ana kudzuwa, linali likadali pamwamba. Ananong'ona mawu a chipembedzo chawo. Anakweza kapu ija n'kumwa, osati kungonyambita, anamwa ndithu ine ndikuona pakhosi pakuyenda. Atatero anandipatsa kapuyo.

“Mumwetseni ndinu. Pang'onopang'ono, angasanze.”

Dzanja langa linkanjenjemera moti m'mphepete mwa kapu munkagunda mano a mwanayo. Abiti anagwira dzanja langa pansi kuti likhazikike. Tinamumwetsa choncho, awiri, kadontho, kudikira, kadontho. Ine m'mutu munkangobwera nkhope za anthu onse amene ndinawaloza chala kuyambira maliro a Lusiya. Zaka zonsezo ndinkasaka munthu amene akufuna kupha mwana wa m'nyumba mwanga. Tsiku limenelo ndinamupeza, anali atavala nsalu yanga.

Amuna anafika ndi machira a nsungwi. Rozina anagona kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, ali pa diripi. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono impso zikanaima. Rozina atatsitsimuka, ine ndili pansi pafupi ndi bedi, Abiti ali kumiyendo, anafunsa funso limodzi.

“Nsanza zija anasuntha ndani?”

Abiti anayamba kukonza bulangeti, osayang'ana munthu. Ndinaona kuti ndikanama sandiulula. Ndinati, “Ndine.”

“Ndinali patsogolo pa atsikana onse, anganga.”

Anatembenukira kukhoma. Atatuluka m'chipatala sanabwere kwanga. Anakakhala kwa Abiti Juma, nyumba yoonekera pakhonde panga. Ndinkamuona akusesa pabwalo la eni.

Tsono mvetserani za kubwerera, chifukwa ena amakuuzani ngati munthu amangodzuka m'mawa wasiya. Bodza limenelo.

Mgolo wotchezera ndinauboola ndi nkhwangwa tsiku lomwelo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaugulitsa ndikaubwereka. Masiku otsatira thupi linandiukira. Kunjenjemera, thukuta, kuona tizilombo pakhoma. Ndinapita kuchipatala n'kukanena zoona, kuti ndine chidakwa ndipo ndasiya. Musachite manyazi, anaona oposa inu. Anandipatsa mankhwala, anati ndizidya ngakhale pakamwa pakane. Njira yodutsa kwa anzanga omwa nawo ndinaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale kunali kutali. Manja opanda ntchito ndiwo amafuna botolo, ndiye ndinapita kwa Abiti, ndinagwada pakhomo, ndinapempha ganyu yokanda ufa wa mandasi. Anati, “Musambe m'manja kaye, chemwali.” Za mango, za galu, za tsiku lake losala limene anachita kudzabweza pambuyo, sanatchulepo mpaka kufa kwake.

Ndinagwanso kamodzi, pamaliro a mlamu wanga. Ndinadzuka m'munda mwa eni ake. Ndinati basi zakanika, ndibwerere. A Namakhwa ndiwo anandipeza ndikulira panjira. Munthu uja ndinkamuganizira zoipa zonse zija anatsika panjinga. Anati, “Amayi, ana angawa pampikisano wautali amagwa onse. Pamafika pena thupi limawanamiza kuti ukapondanso kamodzi ufa. Ndimawauza kuti asaganize za kumapeto, kumapeto n'kutali. Aziganiza zokafika pamadzi otsatira basi.” Ndinatola mawu amenewo. Sindinkalonjezanso kuti sindidzamwa mpaka kufa. Ndinkangoti ndikafike nthawi ya nkhomaliro. Ndikafika, ndikafike madzulo.

Koma matenda aakulu sanali mowa. Ndinazindikira kuti ludzu limandigwira ndikayamba kuganizira munthu. Wina akandiyang'ana pamjigo, m'mutu mwayamba kale kuluka nkhani, pakhosi pauma. Ndiye ndinadziikira lamulo: ndikaona chinthu chachilendo, ndifunse munthu wamoyo ndisanafunse mutu wanga. Sikuti zinatha. Mpaka lero ndikapeza nthenga ya nkhuku pakhomo mtima umagunda. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimayamba ndawerenga nkhuku zanga.

Chaka chotsatira mpikisano unabweranso. A Namakhwa anati pamphambano paja pazikhala munthu, nsanza zokha sizikwanira. Ndinapempha kuti akhale ine. Akomiti anakana, ndipo sindiwanena, inenso ndikanakana. Abiti anati tikhala awiri. Tinatenga ndowa ya madzi, nthochi, ndi mbatata yophika yowaza mchere, chifukwa munthu akathamanga nthawi yaitali mimba imakana zonona. Ndinaona zinthu pamenepo, amayi. Amuna akuluakulu akulira ngati ana, ena akusanza n'kupitiriza, wina akutukwana miyendo yake ndi maina.

Rozina anatulukira pakati pa anyamata. Ndinatambasula dzanja kuloza njira yotsika. Anaima. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana nsanza, kenako anati, “Abiti, njira ndi iti?” Abiti analoza komweko ndinkaloza ine. Anamwa madzi a m'manja mwa Abiti, anapita. Chaka chinacho zinali chimodzimodzi. Chinacho anabwerera kudzagona kwanga, tinkadyera mbale imodzi, tinkaseka, koma akafika pamphambano maso ake ankafuna Abiti. Sindinamufunse chifukwa. Ndinkachidziwa.

Mwina mukufuna kumva kuti anthu amenewa ali kuti. A Namakhwa anawasamutsira kusukulu ina kutali, ndikumva kuti kumenekonso ayambitsa ana kukwera mapiri. Mwa anzanga omwa nawo aja, awiri tinaika, mmodzi ali pabenchi lakumbuyoko, sindimutchula, adzaima yekha tsiku lake likadzakwana. Rozina ku Mulanje anapita, anakwera phiri lija n'kutsika, anabwera ndi bulangeti ndi zikhadabo zakuda. Pano ali ku Limbe, amasoka pa telala, ali ndi mwana wamwamuna, ndipo kuthamanga sanasiye.

Abiti Juma anamwalira nthawi yokolola, anangodwala masiku ochepa. Ndinatunga madzi a pamaliro ake mpaka msana unakana. Chaka chimenecho pamphambano ndinakhala ndekha, ndi ndowa imodzi ya madzi a mchere ndi shuga. Kutacha kunawomba mphepo yamkuntho, nsanza zina zinagwa, laimu anakwiririka ndi fumbi. Panalibe choti munthu n'kutsata koma ine.

Rozina anafika dzuwa lili pamutu, atatopa, akukoka mwendo umodzi. Ndinaona maso ake akupita pamwala pamene ankakhala Abiti. Panalibe munthu. Ndinakweza dzanja, ndinaloza kumtsinje. Sanayang'ane pansi, sanayang'ane pazitsamba. Analanda kapu m'manja mwanga, anamwa akuyenda, anaiponya pambali.

“Anganga, mchere wachepa,” anatero, n'kutsika njira imene ndinamulozera.